Makina Opondera a Amayi

Ndinali mu Fomu 1 chaka chimene makina osokera anafika kwathu ku Balaka. Tinkakhala m'kanyumba ka lendi kuseri kwa msika, ine ndi amayi basi. Amayi anadwala poliyo ali mwana ku Machinga, ndipo miyendo yawo inatsala yaing'ono ndi yofooka. Ankayenda ndi ndodo ziwiri zam'khwapa.

Bungwe lina lothandiza anthu olumala a m'tauni linawaphunzitsa kusoka. Kumaphunziroko ankasokera makina opukusa ndi dzanja. Atamaliza, galimoto inayamba kusiya makina pakhomo pa aliyense. Athu anali akuda, onyezimira, okhala ndi maluwa agolide m'mbali. Anyamata awiri anawaika pakhonde, ana a nyumba zoyandikana n'kudzaza pabwalo. Ine ndinaima pachitseko, ndikuopa ngakhale kuwakhudza.

Amayi anayang'ana pamwamba pa makinawo, kenako pansi. Pansipo panali chitsulo chachikulu chopondera ndi mapazi.

"Awa ndi opondera," anatero motsitsa mawu.

Mayi wa kubungwe amene anabwera ndi galimotoyo anagwira pakamwa. Anati opukusa ndi dzanja anali atatha, ndipo potumiza palibe anaganizira za miyendo. Manyazi ake anali enieni. Koma anafotokozanso lamulo lawo: makina ongokhala amawatenga n'kupatsa wina amene akudikira. Anati adzabweranso mwezi ukatha kudzaona.

Sabata yomweyo atsibweni, achimwene awo a amayi, anabwera pa minibasi kuchokera ku Machinga boma. Anazungulira makinawo akugogoda thabwa lake ndi chala.

"Achemwali, vuto lili pati? Miyendo si iyi?" Analoza ine. "Mwanayu azipondera, inu muzisoka. Sukulu adzabwerera zinthu zikayamba kuyenda."

"Iyayi, achimwene."

"Ndiye muzidya chiyani, maluwa agolidewa?"

"Ndati iyayi. Miyendo imeneyo ndinaibereka kuti izipita kusukulu."

Pamaso pa akulu mawu ankandithawa, ndipo zambiri ndinkangouza kabuku kanga ka tsiku ndi tsiku. Atsibweni atapita ndinapempha amayi kuti ndizipondera ndikaweruka. Tinayesadi. Koma ndinkafika dzuwa litapendeka, m'nyumba mulibe magetsi, komanso mapazi anga ndi manja awo sizinkamvana. Iwo akafuna kukhota pakona, ine ndinali ndikuthamangabe. Tinathyola singano, tinawononga nsalu ya eni ake. Mwezi unkapita. Ndinayamba kuganiza kuti atsibweni akadzabweranso ndidzavomera ndekha, amayi asanayankhe.

Tsiku lina pochokera kusukulu ndinamva kulira kwa makina ndisanakhote pachigayo. Sikunali kodukaduka ngati kwa ife awiri. Kunali kosalala, kopitirira. Ndinaganiza kuti kwabwera telala wina kudzawayesa kuti awatenge.

Pampanda panaima mayi woyandikana nafe, Msilamu wogulitsa zitumbuwa, amene ankacheza ndi amayi kusakaniza Chichewa ndi Chiyao.

"Fulumira mwanangu," anandiuza, "udzaone amayi ako akuvina."

Amayi anali okha pamakina. Ndodo yawo yakumanzere inali m'khwapa monga mwa masiku onse, koma kumapeto kwake anali atamangirira pachopondera ndi mphira wa chubu cha njinga. Akapendekera kumanzere, ndodoyo inkakankha chitsulo pansi. Gudumu likazungulira, linkawabwezera m'mwamba. Mapewa, mutu, ngakhale nsonga ya mpango wawo, zonse zinkatsika ndi kukwera. Zala zokha ndi zimene sizinkagwedezeka. Zinali pansalu, phee, zikuitsogolera pansi pa singano, ndipo mzere unkatuluka kumbuyo wowongoka.

Ndinaima ndi chikwama kumsana osadziwa pokhala. Anali amayi omwewo amene ndinkawathandiza kukwera sitepe ya kutchalitchi, koma ndinachita nawo mantha pang'ono, ngati mmene umachitira sitima ikamadutsa uli pafupi ndi njanji.

Ndinamva pambuyo pake kuti ankayesa m'mawa uliwonse ndikangotuluka. Chubucho anawapatsa ndi mayi wa zitumbuwa uja, chotsala panjinga ya kabaza ya mwana wake. M'khwapa mwa amayi munali mutatupa, n'chifukwa chake anapindapo chitenje chakale pamutu pa ndodo.

"Achimwene anu aja abwere adzaone," anatero mayiyo. "Mwendo wamera m'khwapa."

"Amwali, musandiseketse. Mzere ukakhota, diresili ndi lanu."

"Likhote, ine ndemwe ndine wokhota kale."

Amayi anaseka, koma mzere sunakhote.

Mwezi utatha mayi wa kubungwe anabweradi. Anaonerera kwa nthawi yaitali. Kenako anagwada pafumbi, atavala siketi yake yabwino, kuti aone mmene mphira unamangidwira. Anaukoka ndi chala, nayang'ana chitenje chopindidwa chija.

"Mayi, sizikupwetekani?"

"Zikupweteka," amayi anayankha. "Kukhala chabe nakonso kumapweteka."

Mayiyo anadzuka, nasasa mawondo, nanena kuti makina sachoka pakhomo pano. Anapemphanso ngati angadzabwere ndi bambo wina wa ku Liwonde, amene naye analandira opondera, kuti adzaone ndi maso ake. Amayi anavomera, koma anati abwere ndi chubu chake.

Atsibweni atabweranso sanandipeze. Ndinali kusukulu, tikulemba mayeso a masamu. Madzulo amayi anandiuza kuti atsibweniwo anakhala pampando pafupifupi tsiku lonse akungoonerera, za ine osatchula n'komwe, ndipo pochoka anasiya buluku lawo kuti alifupikitse miyendo.