Mbande za m'mapaketi a shuga

Mayi anga anathyola tiyi wa esiteti kuyambira ali mtsikana mpaka msana unayamba kukana. Atapuma anabwerera kukamunda kawo, komwe nthochi zinali zitatha ndi matenda a chisaka. Ine ndinkaphunzitsa Sitandade 4 pasukulu ya pafupi ndi fakitale ya tiyi, ndipo ndinkakhala nawo pamodzi ndi ana anga awiri.

Chaka chimenecho alimi a m'mudzi mwathu anapanga kalabu yoti azidzala tiyi wawowawo. Ntchito yake ndi yotopetsa. Umadula kanthambi ka tsamba limodzi, kukabaya m'chubu chodzaza dothi lofiira, kufunditsa pulasitiki, kenako kumathirira chaka chathunthu ndi miyezi ina pamwamba. Machubu akuda omwe kalabu inalandira anatha mayi asanafikiridwe, poti pamzere wa chilichonse iwo amapezeka kumapeto. Sanadandaule. Anandituma kuti ndizitolera mapaketi otha a shuga m'nyumba za aphunzitsi anzanga, ndipo ndinatolera mpaka anayamba kundiseka kuti ndikutsegula golosale yopanda katundu. Mbande za mayi zinakulira m'mapaketi amenewo, mzere wawo wokha woyera pakati pa machubu akuda.

Nazale inali pamalo a khansala wa dera lathu, m'mbali mwa mtsinje. Malowo anapereka okha, ife n'kuwaombera m'manja. Anali munthu wansangala, wosaphonya maliro, wodziwa dzina la mwana aliyense. Sindinganame, nanenso ndinawavotera.

Mvula itayandikira, mayi anakumba mayenje munda wonse, chimanga osachisiyira ngakhale phando limodzi. Ndiye kunabwera uthenga woti mbande zambiri zagwidwa matenda ndipo zatayidwa kuti zisapatsire zinzake. Zochepa zotsalazo anagawana akomiti. Mayi atapita kukaona anapeza pamzere wawo posesedwa bwino, pali mapazi a thirakitala.

Patatha sabata ziwiri, mayi wina wa ganyu anafika kwathu atanyamula paketi ya shuga yong'ambika, dothi lofiira lidakali m'kati. Anaitola m'munda watsopano wa khansala kutsidya kwa msewu, komwe mapaketi otere anali mbwee m'mizere. Odzalawo ankangong'amba n'kutaya, monga amachitira ndi chubu chilichonse.

Nkhani inawanda mpaka inafika kuboma. Kunamvekanso zina, za mjigo wokumbidwa pakhomo pa mlamu wa khansala, za mayina a anthu omwalira pamndandanda wa makuponi a feteleza. Zimenezo sindinazione ndipo sindingazichitire umboni. Ine ndinaona paketi.

Kutatsala masiku awiri kuti akuluakulu a kuboma abwere kudzamva madandaulo, khansala anaimika galimoto pasukulu nthawi ya buleki n'kundiitana.

"Aphunzitsi, ana akukhoza?"

"Akuyesetsa, bwana."

"Mukudziwa kuti ku Thekerani, kutali kuja, kukusowa aphunzitsi? Dzulo lomweli a kuofesi ya maphunziro amandifunsa ngati ndikudziwa wina wolimbikira woti apite. Ine ndati ayi, athuwa tikuwafuna konkuno. Amayi mukawapatse moni."

Ndinapsa mtima mpaka choko chinathyokera m'manja. Koma ndinaganizanso za ana, za mtunda wake, za amene angatsale ndi mayi. Nditaweruka ndinawafotokozera zonse monga zinalili, osawonjezera kanthu. Sindinawapemphe kuti akakhale chete. Ndimakonda kudzikumbutsa zimenezi, ngakhale ndikudziwa kuti kuwauzako kunali kupempha komwe.

Msonkhano unachitikira m'kalasi langa lomwe. Kwathu kuno mlendo wa kuboma salankhula asanalandiridwe ndi mwini dera, choncho wotsegula msonkhano, wopempha pemphero ndiponso woloza oti alankhule anali khansala yemweyo. Anakhala kutebulo lakutsogolo pakati pa alendo, botolo la madzi lili pambali. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Anthu anadzipanikiza pamadesiki a ana, mawondo m'mwamba, ndipo mayi anali atamanga paketi ija pansonga ya chitenje.

"Amayi, ndamva kuti muli ndi mawu," anatero khansala. "Masukani, pano m'panu."

Mayi anaimirira pang'onopang'ono atagwira desiki. Anatembenuka n'kundiyang'ana komwe ndinaima, pafupi ndi chitseko. Ine ndinayang'ana pansi.

"Iyayi bwana, ndimangofuna kuthokoza alendowa potiyendera."

Anakhala pansi. Poti mwini paketi wathokoza, otsatira onse anathokozanso. Alendo analemba zolemba zawo, ndipo ananyamuka dzuwa lidakali pamutu.

Mayenje aja anadzaza madzi, kenako udzu. Tinadzalamo nandolo mochedwa, ndipo chaka chonsecho tinadya chimanga chogula. Ine sindinasamutsidwe, mpaka lero ndikuphunzitsa pomwepo. Khansala anagwa pachisankho chotsatira pa zifukwa zina, koma kugwa pachisankho sikuzula tiyi. Munda uja ulipo, ndipo ndi wobiriwira kuposa minda yonse ya m'mbali mwa msewuwo. Za tsiku lija ine ndi mayi sitinakambepo.

Tiyi uja atafika pothyoledwa, mayi anayamba kupita kukagwira ganyu kumeneko. Tsiku lachitatu ndinawatsekera njira pakhomo. Ndinakalipa kwambiri. Ndinawauza kuti pakhomo pano palibe akugona ndi njala, kuti akundichititsa manyazi, kuti mudzi wonse ukutiseka. Anandisiya ndilankhule mpaka nditatopa, iwo akumangirira dengu kumsana.

"Atsikana awalemba aja sadziwa kuthyola," anatero. "Akumangokudzula ndi nthambi zomwe. Ndikapanda kupita ine, aupha."

Ndinapatuka kuti adutse.