Kalasi Yopanda Phokoso

Mayi wosesa pasukulupo anayamba kuwazindikira aphunzitsi a ana osamva m'mawa wina, atawapeza atakwera pa desiki akupukuta zenera ndi mpango wawo wakumutu. Anadabwa. Ntchito imeneyo inali yake, koma chimwalirireni amuna ake pakamwa pankamulemera, ndiye sanafunse.

Aphunzitsiwo anali mayi wamfupi, zala zili mbuu ndi choko. Ana anali nawo khumi ndi mmodzi, aang'ono ndi otha msinkhu m'chipinda chimodzi. Masana aphunzitsiwo ankakhala pakhonde akudzisisita mapewa. "Mchemwali, lero ndakalipa mpaka manja asasa mawu," ankatero kwa wosesayo, n'kuseka okha.

Tsiku lina kunabwera abambo awiri a ku ofesi ya maphunziro atanyamula mafomu, ati kudzaona mmene aphunzitsi oterewa akugwirira ntchito. Apa n'kuti aphunzitsi aja ataperekeza mwana kuchipatala. Abambowo anasuzumira m'kalasi, n'kuitana wosesa.

"Mayi, muno mumakhala phokoso?"

Iye anayang'ana m'katimo. Anyamata awiri ankaponyerana manja mofulumira, nkhope zili gwaa, anzawo onse ataimirira. Kaya unali mkangano kaya nthabwala, iye sanadziwe. Khutu lake silinamve kanthu.

"Ayi bambo, mumangokhala zii."

Analemba, n'kumapita.

Patatha milungu itatu, ahedi analengeza kuti chipindacho chapatsidwa kwa a Sitandade 2, amene ankapanikizana. Ati kalasi yabata, ya ana ochepa, ikwana mosungira mabuku pafupi ndi ofesi. Mmenemo munali kazenera kamodzi kokha, m'mwamba cha kudenga. Mitambo ikangoti bii, ana sankaona manja a aphunzitsi awo, phunziro n'kuthera pomwepo. Aphunzitsi analemba makalata mpaka kutopa, mapeto ake anapempha kusamuka.

Wosesa mutu unaima. Kodi ananama? Sananame. Nanga mawu oona angalande bwanji ana chipinda? Akanati muli phokoso, si bwenzi bodza lili limenelo? Ankasesa malo amodzi kawiri osazindikira.

Tsiku lonyamuka aphunzitsiwo, wosesa analimba mtima. Anawapeza akumanga makatoni.

"Aphunzitsi, pepani. Ndine ndinauza abambo aja kuti m'kalasi mwanu mumakhala zii."

"Zii? Tsiku lija?" Anakhala pa katoni n'kuseka mpaka misozi, mwina sikunali kuseka kokha. "Tsiku lija, ndinamva nditabwerako, anyamata anga ankatukwanirana amayi awo, kalasi yonse ikukuwiza! Nanga inu mchemwali mukanamva ndi chiyani? Tandisenzetsani katoniyi, basi ingandisiye."