Belo ya amuna anga

Tsiku limene khothi linapereka belo kwa amuna anga, ndinaimba nthungululu pakhonde mpaka wapolisi anandidzudzula. Ndinkaona ngati zatha.

Ife kwathu ndi ku Ntcheu. Ku Uliwa kuno, m'boma la Karonga, tinabwera chifukwa cha uphunzitsi wanga, ndipo iwo anapeza ntchito yoyendetsa lole yonyamula mpunga wa ku Hara. Nthawi zina ankakatenga katundu wa amalonda kumalire a Tanzania. Ulendo wina apolisi anatsegula makatoni a sopo parodibuloko, n'kupeza mankhwala ozunguza bongo pansi pake. Amuna anga anamangidwa pomwepo. Mwini katunduyo anazimitsa foni, mpaka lero sanaonekenso.

Beloyo inali ndi malamulo ake: azikaonekera kupolisi Lolemba lililonse, komanso asatuluke m'boma la Karonga popanda chilolezo cha khothi. Tinati zimenezo n'zazing'ono. Koma mwini lole sakanasunga dalaivala wosadutsa pa Chiweta, kumalire a bomali, ndiye ntchito inatha. Mlandu nawo sunkayenda. Tikapita ankati mankhwala aja adakali kokayezedwa, tikapitanso ankati woweruza wasamutsidwa. Ana amene ndinkawaphunzitsa nthawi imeneyo anapita kusekondale, ife tikungopatsidwa tsiku lina.

Kenaka apongozi anga, mayi awo owabereka, anadwala mwakayakaya kumudzi. Tinathamangira kukhothi kukapempha chilolezo. Kalaliki, munthu waulemu ndithu, anati, "Pepani chomene. Bwana ali kumsonkhano, mubwere sabata yamawa."

"Nanga akatisiya?" anafunsa amuna anga.



Anatisiyadi. Ine ndinati, "Bambo, tiyeni tingopita. Akakuoneni ndani?"

"Ndikagwidwa panjira andibwezera kundende, ndipo anthu amene anandisainira belo alowa m'mavuto. Pitani inu, mayi."

Ndinapita ndekha. Kumaliroko alamu anga anandilandira ndi nkhope zolimba. Mmodzi anati, "Munthu sali m'ndende, alephera bwanji kudzaika mayi ake?" Ndinafotokoza, koma palibe anandimvera.

Pobwera ndinawapeza amuna anga atakhala kuseri kwa nyumba, ndevu zili nyankhalala. Sanafunse n'komwe za mwambo wa maliro. Anangoti, "Akanandigamula n'kundimanga, bwenzi ndikudziwa tsiku lotuluka."

Chaka chatha ndinapatsidwa mwayi wosamukira kusukulu ya kufupi ndi kwathu, koma ndinakana. Ndikanawasiyira ndani? Masiku ano salankhulalankhula, kutchalitchi anasiya, ngakhale ana athu akawaseketsa saseka. Mlanduwo ulipobe. Akatipatsa tsiku latsopano, iwo amangogwedeza mutu, tikafika kunyumba n'kukagona masanasana.