Likodzo lomwe ndinalitenga m'bango

Ndinayamba kuona magazi kumapeto kwa mkodzo mu Epulo, madzi osefukira atangophwa. Mwana wanga woyamba anali akukwawa. Pokodza pankawotcha ngati pali tsabola, ndipo m'munsi mwa mimba munkapweteka.

Sindinauze munthu. Amuna anga ankagwira ntchito padoko ku Chilumba, ine ndili kwawo ku Iponga. Ndinkaopa kuti akamva adzati ndatenga matenda kwa mwamuna wina, n'kundibweza kwathu mwana n'kutsala. Ine sindinalakwe, koma akanandikhulupirira ndani?

Pofika mu Juni ndinali nditawonda. Ndikapalira mpunga pang'ono, maso ankachita mdima. Mkaka unachepa, mwana ankalira ali kubere. Tsiku la sikelo, anesi ena ochokera ku Dedza anandikoka chikope, nayang'ana m'manja mwanga.

"Mayi, mwana ali bwino, koma inuyo magazi apita kuti?" anandifunsa.

Ndinangowerama. Iwo anatulutsa amayi ena onse, natseka chitseko. Chichewa changa chinali chothyokathyoka, koma anandidikira mpaka ndinanena zonse. Sanaseke ayi. Anandituma kuchipatala chachikulu ku boma.

Kumeneko tinakhala pabenchi kuyambira m'mawa, khadi lachipatala ndi lachipani, lomwe ankalifunsa paliponse, zili m'manja. Dzuwa lili pamutu anandipatsa kabotolo kuti ndiikemo mkodzo wotsiriza. Ndinakabisa m'chitenje podutsa pa anthu. Madzulo adokotala anandiitana.

"Ndi likodzo ili. Mumasamba kuti?"

Ndinawauza kuti m'bango. Kwathu mtengwa saonana ndi apongozi aamuna. Apongozi anga ankasoka maukonde pamchenga, pomwe madzi ndi oyera ndiponso mafunde amamenya. Choncho ine ndinkazungulira kuseri, kumene mtsinje umalowa m'nyanja, madzi ake odikha, obiriwira, ofunda. Ndinkachapa matewera komweko, madzi ali m'mawondo. Asodzi obwera, omwe analibe chimbudzi pamsasa wawo, ankadzithandizanso m'bango lomwelo, ndipo mvula inkakokolera zonyansa za kumtunda n'kuzisiya pamenepo.

"Wodwala akakodzera m'madzi, tizilombo timalowa mu nkhono, kenako timatuluka n'kuboola khungu la wosamba," anatero adokotala. "Si matenda a kuchipinda. Amuna anu abwere, ndiwauze ndekha."

Ndinalira pamaso pawo, manyazi osawamvanso.

Anandigoneka chifukwa magazi anali ochepa kwambiri. Mapiritsi a likodzo anandipatsa chizungulire ndi nseru, chakudya chinkanditsekemera moipa. M'mawa uliwonse anesi ankabwera ndi mapiritsi ena owonjezera magazi, n'kuima pomwepo mpaka nditameza. Mayi wina wa bedi loyandikana, wa ku Ngara, ankandinyamulira mwana ndikafooka. Dzina lake sindinafunse, koma ndimamupempherera.

Amuna anga anafika Loweruka. Analowa kwa adokotala nkhope ili gwa. Atatuluka anakhala pamphepete pa bedi, nanyamula mwana. Anati iwonso ali mnyamata ankakodza magazi, ndipo akuluakulu ankati ndiko kukula kwa mwamuna. Anapempha kabotolo kawo tsiku lomwelo, ndipo adokotala anawapeza ndi likodzo nawonso.

Nditabwerera kumudzi ndinapeza bafa la udzu kuseri kwa nyumba. Analimanga apongozi aamuna, atamva nkhaniyi kwa akazi awo. Sindingathe kuwathokoza pamaso, choncho ndinatuma apongozi aakazi kuti akanene "ndagha". Anesi a ku Dedza aja ndinawapititsira nthochi.

Mu Seputembala anandiyezanso, ndipo sanapeze kanthu. Lero ndikutunga madzi pachitsime, ndikusamba kunyumba, ndipo mphamvu zabwerera. Mwana akuyenda. Asodzi aja sanakumbebe chimbudzi, ndipo ndimaonabe atsikana okwatiwa kumene akulowera kubango ndi mabeseni awo. Ndikakumana nawo panjira ndimawaimitsa n'kuwachenjeza.

Amayi anzanga, mukaona magazi mumkodzo musadikire kuti muwonde ngati ine. Pitani kuchipatala msanga. Ngati mukuopa zomwe amuna anu adzaganize, apite nanu limodzi, akamve okha kwa adokotala.