Tambala wa Chipepeso

Amuna anga anali msodzi wa matemba ku Kachulu, munthu wofatsa, koma akatsimikiza chinthu makutu awo ankangokongoletsa mutu. Chaka china m'ma 1950 nsomba zitayamba kuwazemba, anapita kwa sing'anga kukatenga mankhwala otsirikira ukonde. Matemba sanachuluke, inachuluka ndi mbiri. Itafika kwa akulu a mpingo, anawaimitsa kudya Mgonero.

Zinkandiwawa kwambiri. Tsiku la Mgonero ine ndinkakhala m'tchalitchi, iwo ali panja pansi pa mtengo wa mango, ngati olondera njinga ya abusa. Analowa kalasi la olapa, mankhwala aja anakawataya mu mtsinje wa Likangala, ndipo patapita miyezi anauzidwa kuti abusa akadzabweranso adzawalandira.

M'mawa wa tsikulo ndinawapeza akuthamangitsana ndi tambala wathu wofiira kuseri kwa nkhokwe.

"Bambo, tambalayo walakwanji?"

"Mlandu sutha chimanjamanja," anatero akupuma wefuwefu. "Mbuzi zathu zitadya mpunga wa amalume anu ndinakapepesa ndi nkhuku. Nanga kwa Mulungu ndipite ndikungopukusa manja?"

Ndinawauza kuti anthu akatiseka, koma ndinangotaya malovu.

M'tchalitchi atawaitana kutsogolo, anadzuka tambala ali m'khwapa, miyendo yomanga ndi luzi. Tambalayo, posadziwa mwambo, analira kokoliko pamaso pa abusa penipeni. Azimayi anabisa nkhope m'zitenje, mapewa okha akugwedezeka. Ine ndinalakalaka pansi patang'ambika ndilowemo.

"Bambo, ameneyu ndi wa chiyani?" anafunsa abusa.

"Chipepeso, abusa."

Abusa anamwetulira, koma sanawanyoze. "Simunaganize zopusa ayi. Kale anthu a Mulungu ankabweradi ndi ziweto chaka ndi chaka, mlandu osatha. Koma pangano latsopano linamangidwa ndi mwazi wa Yesu, ndipo chipepeso chanu chinaperekedwa kalekale. Za ukonde uja ife a kuno mwina tizizikumbukira, pakuti pakamwa pathu mukupadziwa. Mulungu yekha analonjeza kuti sadzazikumbukiranso."

Amuna anga anangoti kukamwa yasa. "Ndiye kuti ndilowe ulele?"

"Ikani tambalayo pansi. Chikho chimafuna manja awiri."

Amuna anga anazengereza, akuyang'ana tambala, akuyang'ana abusa. Kulandira chinthu osabweza kanthu kunkawavuta kuposa kupalasa bwato kukuwomba mwera. Kenaka anawerama n'kumuika pansi. Chikho chitawafika anachigwira ndi manja awiri, ndipo ndinaona misozi ikutsikira m'ndevu zawo. Ndinali ndisanawaonepo akulira, ngakhale tsiku limene bwato lawo linamira.

Pobwerera kwathu tambala anali m'khwapa momwe muja. Titafika pa madimba a mpunga ndi pamene anati, "Mayi, katundu amene ndinapita naye ndi yemweyu ndabwerera naye. Koma taonani mmene ndapepukidwira."