Tomato wa amake, Chizungu cha Tiwonge

Monile nonse abale.

Ndangochoka kusukulu ya Tiwonge ku Champhira, kunali tsiku la makolo. A sitandade 7 anakonza sewero la msika, kugula ndi kugulitsa m'Chizungu chokhachokha. Nditamva kuti wogulitsa ndi Tiwonge wanga, ndinapsa mtima. Mwana wachibwibwi, woti akaona mlendo amathawira kuseri kwa nkhokwe, n'kumuimika pagulu? Ndinawauziratu aphunzitsi kuti akangosekedwa, mawa sabweranso pasukulupo.

Anayala tomato wa amake pachiguduli. Wogula anali mlendo wolemekezeka, bwana wa zamaphunziro wochokera ku Boma. Bwanayo anafunsa mtengo. Ine thukuta linali kamukamu. Kenako Tiwonge anatchula mtengo wa mulu, chiganizo chathunthu, lilime osakodwa.

Bwanayo anati achotsereko. Tiwonge anagwira m'chiuno ngati amake pamsika, n'kuwauza m'Chizungu chomwecho kuti feteleza wakwera, ngati zawachepera ayese kutsogoloko. Anthu anafa nalo phwete. Bwana anatulutsa ndalama zenizeni, mwana n'kuwaponyera tomato mmodzi wa basela.

Aphunzitsi anandiyang'ana. "A Jere, mawa timudikire kapena?" Ndinangothokoza m'Chitumbuka kuti yewo chomene.

Tsono kunyumba kwabuka mlandu. Amake, aNyaMoyo, akuti ndalamazo ndi zawo poti tomato ndi wa kudimba kwawo. Tiwonge akuti Chizungu chinali chake. Ine ndili mbali ya mwana, sindibisa. Inu mukuti bwanji? Yankhani msanga, aNyaMoyo ati sakoleza moto mlanduwu usanathe.