Mzere wa Fabiano

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene msuweni wanga Fabiano anabwera kudzakhala kwathu, kufupi ndi Kachebere. Anali mwana wa azakhali, mlongo wawo wa bambo. Makolo ake anali matenanti pa esiteti ina ya fodya, ndipo bambo ake atamwalira, azakhali anamutumiza kwathu kuti apitirize sukulu. Ankandiposa ndi miyezi isanu yokha, koma manja ake anali a munthu wamkulu, okhakhala, zikhadabo zakuda ndi utomoni wa fodya.

Mayi anga anachita kutengedwa kuchokera ku Ludzi, choncho mudzi umene ndinakuliramo unali wa bambo ndi alongo awo. Kwathu malo amatsata mbali ya akazi. Zimenezi sindinkaziganizira mpaka tsiku lina pachitsime, pamene mayi wina anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwini munda wafika tsopano. Iwe yamba kulongedza, kwanu ndi ku Ludzi." Onse anaseka. Inenso ndinaseka, koma mawuwo ndinafika nawo kunyumba pamodzi ndi madzi. Kuyambira tsikulo ndinkatchera khutu Fabiano akamati "atsibweni", ndipo ndinkaona ngati bambo akumuyankha mofewa kuposa mmene ankandiyankhira ine.

Bambo ankalima fodya wa bale. Fodya ameneyu amaumira m'chigafa, ndipo chigafa chimadya mitengo: mizati, mitanda, ndi timitengo topachikapo masamba. Mizati yokwirira pansi chiswe chinkaimaliza m'zaka ziwiri kapena zitatu. Bambo ankanena kuti ali mwana mitengo ankaidula kuseri kwa nyumba. M'nthawi yathu ankanyamuka m'mamawa kupita kuphiri la kumalire ndi Zambia, n'kubwerako dzuwa litapendeka.

Chaka chimene Fabiano anafika, bambo anatiitana pafupi ndi chigafa chakale, atagwira chingwe ndi khasu.

"Ndatopa kukwirira mitengo yakufa kuti chiswe chinenepe," anatero. "Tidzala yamoyo."

Anayeza mizere iwiri yoyang'anizana, uliwonse maenje asanu ndi atatu. Mbande za kesha anali atafesa kale m'mapepala a shuga amene ankatola panjira. Mitengoyo ikakula, adzamanga mitanda kuchokera mzere wina kukafika unzake, n'kufolera pamwamba, mizati ili ndi mizu yake. Anthu odutsa ankaseka, ena n'kufunsa ngati fodyayo adikire mitengo ikule.

"Mzere wakum'mawa ndi wa Damiano, wakumadzulo ndi wa Fabiano," anatero bambo. Damiano ndi ine. "Chakalechi ndichichirikiza zaka zitatu, kupitirira apo sichifika. Nkhwangwa yanga kuphiri sipitanso."

Fabiano anaitenga mitengo yake ngati ziweto. Madzi otsukira mbale sankatayika, madzi osamba ankawakinga m'beseni. Patsinde pa mtengo uliwonse anathira phulusa kuti chiswe chisafike, n'kuphimbirapo udzu wouma kuti chinyezi chisathawe, kenako n'kuzunguliza minga chifukwa cha mbuzi. Ine ndinkathirira ndikakumbukira, ndipo nthawi zambiri ndinkakumbukira ndili kale kubwalo la mpira.

"Asuweni," anandifunsa tsiku lina, akuyang'ana mzere wanga, "mitengo yanuyi ikusala kudya? Lenti inatha kalekale."

"Mitengo imakula yokha," ndinayankha. "Zothirira n'zanu matenanti."

Sanakwiye. Anangoti, "Ikakula yokha mundiitane, ndidzaione," n'kunyamula ndowa yake.

Pofika chaka chachiwiri, mitengo yake inali itapitirira msinkhu wa bambo, mathunthu onenepa kuposa mpini wa khasu. Yanga inkandifika pachifuwa, yowonda ngati bango. Lamlungu tikaweruka kutchalitchi, bambo ankabwera ndi anzawo kudzawaonetsa. Ankaima kumadzulo, kumagwira makungwa, kumafunsa Fabiano za phulusa. Kum'mawa ankangodutsa. Tsiku lina la msika bambo anakweza Fabiano panjinga kupita pa Kamwendo, ine n'kutsala ndi mbuzi. Anabwerako ndi kheni yatsopano yothiririra, yonyezimira. Bambo anati ndi ya tonse awiri, koma amene anaigwirizira pamiyendo njira yonse anali Fabiano.

Ndinali nditaonapo mmene anthu amaphera mtengo osaugwetsa. Loweruka lina mu Okutobala, onse ali kudimba, ndinatenga mpeni wa mayi. Ndinakankhira pambali minga ndi udzu patsinde pa mtengo woyamba wa Fabiano, n'kuzunguliza mpeni mozama, pansi kwenikweni. Khungwa linachoka mosavuta. M'kati munali moyera, monyowa, ndipo fungo lowawa linandikhala m'manja. Ndinabwezera udzu bwinobwino n'kupita pa wachiwiri. Ndinachita isanu. Pa wachisanu ndi chimodzi ndinamva belu la njinga kumsewu, ndipo ndinathawa. Makungwawo ndinawaponya m'chimbudzi.

M'mawa mwake ndinadzuka aliyense asanadzuke n'kuthirira mzere wanga ndi kheni yatsopano ija. Ndinateronso tsiku lotsatira, ndi linzake. Ndinathira phulusa, ndinaphimbira udzu. Mumtima ndinkati tsopano tiona.

Patapita milungu ingapo, masamba a mitengo isanu ija anayamba chikasu, kenako kuyoyoka. Fabiano anaganiza kuti ndi ludzu. Anayamba kutunga kudambo kawiri pa tsiku, mpaka ndowa inamusupula pamutu. Ndinkamuona akudutsa, thukuta lili m'khosi. Atachotsa udzu kuti aone ngati chiswe chalowa, anapeza mabala. Ndinali chapafupi. Anandiyang'ana kamodzi, n'kubwezera maso pansi.

Bambo atafika anagwada, n'kupitiriza chala pabala lililonse.

"Wachita zimenezi ndani?"

"Sindikudziwa, atsibweni."

"Mitengo yako, tsiku ndi tsiku uli pomwepa, ndiye osadziwa?"

Aka kanali koyamba kumva bambo akumuyankhula mouma. Ndilembe zoona: ndinakondwa.

Madzulo ake bambo ananena kuti mawa apita kuphiri. Chigafa chatsopano chichedwa, ndipo chakale sichikanapirira mvula ina popanda mizati yatsopano. "Damiano, upita nane. Fabiano atsale." Ndinakondwanso. Ulendo uno wosankhidwa ndinali ine.

Tinanyamuka dzuwa likutuluka. Tinadutsa minda, dambo, ndi midzi iwiri. Pamene ndinkati tafika patchire, panali zitsa zokhazokha, zina zakuda ndi moto, ndi zigwembe zimene madzi anakumba. Bambo ankaloza osaima: apa panali muwanga, apa masuku. Tinakwera mpaka dzuwa linafika pamutu. Pamapeto pake tinapeza mtengo wowongoka pakati pa miyala. Bambo anaima nthawi yaitali akuuyang'ana.

"Uwu ndinausiya dala ulendo womaliza," anatero. Kenako anandipatsa nkhwangwa. "Yamba iwe. Kudula umadziwa."

Ndinawafunsa kuti akutanthauza chiyani.

"Chaka ndi theka ndowa sunkaigwira," anatero bambo, osakweza mawu. "Kenako unayamba kudzuka m'mamawa, masamba a mnzako asanafote n'komwe. Anakuuza ndani kuti mpata wapezeka?"

Ndinalira. Ndipo polira ndinanena zimene ndinazisunga kuyambira pachitsime paja. "Mumakonda Fabiano chifukwa munda ndi wake. Ine kwathu ndi ku Ludzi."

Bambo anakhala pamwala. "Munda ndi wa azakhali ako, zimenezo n'zoona. Koma fodya wouma m'chigafamo adzapititsa kusekondale ndani? Si nonse awiri?" Anatola kamtengo n'kukagoneka pazala ziwiri, kenako n'kuchotsa chala chimodzi. Kanagwa. "Mtanda umagona mbali ziwiri. Ndikauika pamzere wako, mutu winawo ugona pati? Pamutu pako?"

Sanandimenye. Anati mitengo imene ndinapha ndi isanu, ndipo mizati yofunika ndi isanu. Loweruka lililonse tibwera kudzatenga umodzi, iwo kutsogolo, ine kumbuyo. Mtengo wauwisi umalemera kuposa mmene umaonekera. Potsika phiri kulemera konse kunkapita kwa bambo, ndipo ndinkamva akupuma movutika. Pachidikha kunkabwerera kwa ine. Nkhata ya udzu sinathandize kwenikweni, phewa linatupa n'kusupuka. Koma chimene chinkandiwawa kwambiri chinali kuona bambo akutema mtengo atatembenuzira nkhope kumbali. Anali atanena pamaso pa anthu kuti nkhwangwa yawo kuphiri sipitanso, ndipo tinkadutsa nayo m'midzi iwiri ija anthu akuona. Pamudzi wachiwiri bambo wina ankafuula ali pakhonde, "Nanga chigafa chamoyo chija chamwalira?" Bambo ankangokweza dzanja.

Kunyumba sanauze aliyense. Tsiku limene tinafika ndi mzati womaliza, ndinapeza Fabiano atadula mitengo isanu ija m'munsi mwa mabala, n'kutsala tizitsa tating'ono. Anandiyang'ana paphewa.

"Asuweni, pakuoneka ngati palowa chiswe apo. Muthirepo phulusa."

Ndinafuna kumumenya, koma dzanja silinkakwera.

Mvula itagwa, tizitsa tija tinaphuka. Chilichonse chinatulutsa mphukira zingapo, ndipo Fabiano anasiya imodzi yowongoka n'kuthyola zinazo. Mizu imene anaidyetsa chaka ndi theka inali ikadali yamoyo pansi. Ine ndinapitiriza kuthirira mzere wanga, tsopano moona mtima, koma mtengo wokwinimbira paubwana suchira msanga. Pasanathe zaka ziwiri, mphukira zake zinapitirira mitengo yanga imene mpeni sunaikhudze. Zimenezi zinandiwawa kuposa kheni ija. Chigafa chinamangidwa mochedwa ndi zaka ziwiri, ndipo bambo anamanga mitanda pamsinkhu umene mzere wanga ukanatha kunyamula. Chinakhala chachifupi kuposa mmene anafunira. Polowa ankawerama.

Tili akuluakulu, pamaliro a bambo, ndinafunsa Fabiano ngati ankadziwa.

"Mpeni wa amayi ako unanunkha kesha sabata yonse," anatero. "Mbale ndinkatsuka ndine."

"Bwanji sunanene?"

"Ndikananena, ndikanadya bwanji pakhomo pa amako?"

Zaka zonsezo ndinkachitira nsanje mwini munda. Sindinadziwe kuti mwini mundayo ankadziona mlendo, ndipo ankatunga madzi kawiri pa tsiku kuti asamubweze ku esiteti.

Chigafacho chilipobe. Fodya tinachepetsa, pansi pake timayanikapo mtedza ndi soya. Chaka chilichonse nthambi zake zimasadzidwa, ndipo nkhuni zake zimakwanira makomo awiri. Kuchokera pa mzati wachisanu uja, palibe wa m'banja mwathu amene anapitanso kuphiri ndi nkhwangwa. Ine ndili ndi kagolosale pa Kamwendo. Kuseri kwa kauntala ndimasunga thumba loponyamo mapepala a shuga ndi a mkaka, ndipo makasitomala anga anazolowera kubweza awo m'malo mowataya mumsewu. Amadzawatenga ndi Fabiano, amene ali ndi nazale yake ndipo amagulitsa mbande tsiku la msika. Anthu amamuzungulira kumufunsa za mitengo, monga anzawo a bambo ankachitira Lamlungu. Ndikamaona ndili pakhomo la golosale, kansanje kaja kamandilumabe. Sindingakane.

Koma tsopano ndikudziwa zimene bambo ankaona akaima pakati pa mizere iwiri ija. Ine ndinkawerenga mitengo ya Fabiano ndi yanga. Iwo ankaona chigafa chimodzi, chimene kutalika kwake kunkadikira mzere wofooka. Ndinapha mitengo isanu kuti mzere wakumadzulo utsike, pamene chofunika chinali kukweza wakum'mawa. Mpaka lero ndikamalowa m'chigafamo ndimawerama, ndipo ndimadziwa kuti denga linatsikira mzere wa yani.